Yunifolomu ya Agogo Quirin

Hannover, 11 Januwale 1988

Mlongo wanga Hiltrud,

Moni. Ndikhulupirira mwalowa bwino chaka chatsopano, iweyo, alamu anga a Alois, ndi amayi. Bondo la amayi likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chija chimandigwira chaka chilichonse nthawi ngati ino. Zikomo chifukwa cha masokosi a pa Khirisimasi. Ndi aakulu, koma zikomo.

Ndikulemba kalata poti lamya unandiletsa, ati ndimakuwa. Sindimakuwa ine, ndimangofotokoza.

Nkhani ndi iyi. Pa 12 Malichi bungwe lathu la osonkhanitsa mayunifolomu a akuluakulu a asilikali apakavalo likwanitsa zaka makumi atatu, ndipo tikukonza chionetsero chachikulu. Ukudziwa kuti m'bungwemu woyesa katundu ndine. Chovala chilichonse chisanaonetsedwe chimayalidwa patebulo anthu onse akuona, ine n'kuvala magolovesi oyera, n'kutenga galasi langa lokulitsira zinthu, n'kunena ngati chili chenicheni kapena chonamizira. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pa mpando umenewu, sindinaphonyepo. Chaka chatha ndinagwira jekete la Bambo Stahlhut, dokotala wa mano, lomwe ankati ndi la 1890 pamene ulusi wa m'khosi mwake unali wa nayiloni. Mpaka lero sandipatsa moni.

Tsono a Stahlhut omwewo ayamba kuuza anthu kuti nkhani ya agogo athu a Quirin ndinachita kupeka. Ati, "Kaputeni wakeyo timangomumva m'kamwa, chovala chake chili kuti?" Magazi anga anawira! Ndinaimirira pa msonkhano n'kunena kuti pa 12 Malichi aliyense adzaiona ndi maso ake yunifolomu ya Kaputeni Quirin Zeimet. Zalowa kale m'kabuku ka chionetsero, tsamba loyamba.

Ndiye ndikufuna bokosi lobiriwira lija lili m'chipinda chapadenga, kuseri kwa chumuni, lomwe amayi ankatikwapula tikangolikhudza. Umve bwino: USALITSEGULE. Usalipukute. Fumbi ulisiye, ndi akangaude omwe uwasiye. Kwa ife osonkhanitsa, chinthu chomwe changotsika padenga osagwidwa ndi munthu ndiye choposa zonse. Loko ndidzaswa ndekha pamaso pa anthu, a Stahlhut atakhala mpando wakutsogolo. Ndabwereza dala, chifukwa ndimakudziwa iwe ndi sopo wako.

Ulitumize pa sitima, ndipo undiyankhe msanga.

Mchimwene wako,
Ottmar


Lommerscheid, 24 Januwale 1988

Achimwene,

Kalata yanu tinalandira. Tili bwino. A Alois akupenta ngolo ya chikondwerero cha Karneval kukhola, akumabwera kunyumba utoto uli mpaka m'makutu. Za bondo la amayi, mukanafunsa kuti liti, chifukwa tsopano ndi onse awiri. Masokosi si aakulu, mapazi anu ndiwo akufota.

Ndinawawerengera amayi kalata yanu, mokuwa, poti makutu anatha. Pa dokotala wa mano paja anamwetulira. Nditafika pa bokosi lobiriwira anaika supuni pansi, nati, "Bwerezanso." Ndinabwereza. Anayamba kuseka, kuseka kwake koti misozi mbwembwembwe, mpaka ndinawamenya pamsana poopa kuti atsamwa. Atapuma anangoti, "Bokosi limenelo silichoka m'nyumba muno. Umuuze abwere adzalione kaye."

Ndawafunsa kuti vuto n'chiyani, akungoti, "Ndi nkhani ya ine ndi iyeyo." Kiyi wa chipinda chapadenga amuponya m'thumba la epuloni, ndipo epuloniyo sakuivula ngakhale popita ku Misa. Mukufuna ndiwagwetse pansi ndiwalande?

Bwerani, achimwene. Mukakwera sitima ya m'mawa, khofi wa masana mudzamwera kuno. Zaka zisanu ndi chimodzi zapita musanaponde pakhomo pano. Mtengo wa maapozi munkakwera uja tinadula, sitolo ya buledi inatsekedwa, abambo mfumu ndi ena, inu osadziwa chilichonse. Bwerani pa Karneval, mudzadye zitumbuwa za amayi, mudzaone bokosi lanu, mubwerere kwa akufa anuwo.

Mutiuzeko za chifuwacho. Mukumwa mankhwala, kapena mukungochiyang'ana ndi galasi?

Mlongo wanu,
Hiltrud


Hannover, 1 Febuluwale 1988

Hiltrud,

Moni nonse. Za mawondo ndamva, onse awiri, uwapepese amayi.

Koma ine si mwana. Msampha wanu ndauonera patali. Iwe ndi amayi mwapangana kuti bokosi likhale nyambo, ine nsomba. Ati ndibwere pa Karneval! Ukudziwa bwino kuti chinthu chimenecho ndinadana nacho kalekale. Amuna akuluakulu, ena a zidzukulu zawo, kuvala zonyoza yunifolomu, zingwe za makatani pachifuwa, supuni pachipewa, n'kumaguba chokhotakhota mowa uli m'mutu. Anthu anafera m'mayunifolomu akunyozawo! Kuno kumpoto anthu amadzilemekeza, n'chifukwa chake ndinakhazikika kuno.

Pamene ndikulemba pano chithunzi cha agogo chili pakhoma patsogolo panga, chija amayi anandipatsa ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Akuoneka kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, chifuwa patsogolo, ndevu zopotedwa, dzanja litagwira zingwe za kavalo. Chithunzi chimenechi ndicho chinandiyambitsa zonsezi. Lero ndili ndi mayunifolomu makumi anayi m'makabati, onse a anthu achilendo. Ya agogo anga enieni yokha ndiye ikudyedwa ndi njenjete kumudzi. Ndi chilungamo chimenecho?

Tsopano ndifunse mosabisa. A Stahlhut sanabwere ku msonkhano Lachinayi, ati apita kummwera kukapuma. Kummwera kuti? Munthu wake ndi wamtali, wadazi, amayendera galimoto yasiliva, ndipo akamalankhula nawe amakuyang'ana m'kamwa. Ngati wafika kumeneko n'kumakunyengererani kuti mumugulitse bokosi, undiuze lero lomwe. Sindikwiya. Ayi, ndikwiya, koma undiuze.

Ottmar


Lommerscheid, 8 Febuluwale 1988

Achimwene,

Tili moyo. Galimoto yasiliva inafikadi kuno Lachiwiri, ndipo munthu wake analidi wadazi. Anali dokotala wa ziweto, anabwera kudzaona ng'ombe ya a Alois yomwe yasiya kudya. Nayenso anaiyang'ana m'kamwa. Za bokosi sanafunse.

Abale inu! Mpaka kundiganizira kuti ndingagulitse katundu wa agogo kwa munthu wozula mano? Zaka zonsezi ndikuwasambitsa amayi, kuwadyetsa, kuwakweza masitepe, inu mukupukuta mabatani a anthu akufa, lero wakuba ndakhala ine? Zandiwawa, ndikuuzeni zoona. Ndinalira kukhitchini, a Alois n'kumaganiza kuti ndi anyezi.

Amayi ndinawawerengera zonse, ndi za zingwe za makatani zomwe. Ulendo uno sanaseke. Anandilanda kalata n'kuipindapinda, nati, "Mwanayu ndinamuwononga ndine." Chomwe akutanthauza sindikuchidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti akufuna akuuzeni pamaso, osati papepala. Bwerani ngakhale tsiku limodzi lokha. Ngati mukuopa masupuni, mudikire Karneval ithe.

Hiltrud


Hannover, 12 Febuluwale 1988

Hiltrud,

Moni. "Bwerani, bwerani," nyimbo yake yomweyo. Kwatsala mwezi umodzi ndendende. Kabuku kasindikizidwa, mtolankhani waitanidwa, tebulo lapakati ndasungitsa. Zifukwa zandikwana. Kuyambira lero kalata iliyonse yochokera ku Lommerscheid ndiziibweza osatsegula kufikira bokosi litafika. Ndalumbira, ndipo umandidziwa.

Ottmar


Lommerscheid, Lachitatu la Phulusa, 17 Febuluwale 1988

Achimwene,

Khalani pansi musanapitirize, ndipo ngati mwagwira kapu, ikani patebulo.

Lolemba, ngolo za Karneval zikudutsa pawindo, amayi anamwa matambula awiri a vinyo. Oimba malipenga atadutsa anandikoka dzanja, nati, "Khala apa, ndikuuze za bokosi, poti m'bale wakoyo mutu wake ndi mwala." Sindinalitsegule, musaope, fumbi lanu lili bwinobwino. Ndikungokuuzani zomwe anandiuza.

Agogo Quirin sanakhalepo msilikali ngakhale tsiku limodzi. Anali wosoka nsapato. Ku usilikali anawakana kawiri chifukwa cha chifuwa, chomwe munatengera inucho. Kavalo weniweni ankamuopa moti ngolo ikamabwera mumsewu ankalowa m'nyumba ya aliyense osagogoda. Ukaputeni wawo unali wa Karneval. Chaka chilichonse ankatsogolera gulu la m'mudzi muno loseka asilikali a ku Prussia, ndipo yunifolomu anawasokera ndi agogo aakazi, ndi makatani akale a ku bala ya pamphambano. M'bokosimo muli jekete limenelo, lupanga lamtengo, ndi kavalo wa mawaya ndi mapepala, uja munthu amalowa pakati n'kumukoleka m'mapewa ndi malamba.

Achimwene, ndinaseka, sindikunamizani. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma nditakumbukira tebulo lanu lija, magolovesi, ndi dokotala wa mano atakhala kutsogolo, thukuta linandituluka. Amayi anandilumbiritsa kuti ndisalembe, ati ndi mlandu wawo, adzaulula okha. Lero ndapita kukalandira phulusa ndikudziwa kuti ndikuswa lumbiro masana ake, koma sindingakusiyeni mugwere m'dzenje ndikuona.

Nthawi ilipo. Uzani a bungwe kuti bokosi linanyowa ndi mvula, kapena kuti makoswe anatha zonse. Nenani kuti mlongo wanu wopusa uja anachapa jekete ndi madzi otentha mpaka linatha, ine ndivomera, ndilembanso kalata yopepesa ngati akufuna. Kuli bwino andiseke ine, sandidziwa.

Yankhani msanga.

Mlongo wanu,
Hiltrud

(Kalata iyi inabwerera ku Lommerscheid pa 22 Febuluwale, yosatsegulidwa. Pa envulopu panali mawu awiri a inki yofiira: "Bokosi kaye.")


Kuseri kwa envulopu yomweyo, itamangiriridwa pa chogwirira cha bokosi

7 Malichi 1988

Achimwene, kalata mwabweza. Lamya ndaimba katatu, mukangomva mawu anga mukudula. Amayi ataona envulopu yobwerera anatulutsa kiyi n'kumuponya patebulo, nati, "Mutumizire. Safunsa anadya phula." A Alois atsitsa bokosi atavala magolovesi a kukhola, kangaude mmodzi yekha ndiye wathawa, mutikhululukire. Bokosi lafika, lumbiro lanu latha. Tsegulani kalatayi MUSANASWE LOKO. Ndakupemphani m'dzina la Mulungu. H.


Hannover, 14 Malichi 1988

Hiltrud,

Sindikupatsa moni. Chabwino, moni.

Bokosi linafika Lachisanu, fumbi lake lili lonse, pamenepo ndikuyamikire. Kalata unamangirira ija ndinaiona, ndinawerenga zakuseri, ndinangoti pfuu, ameneyu ndi "bwerani" wina. Ndinaiponya m'thumba la jekete.

Loweruka holo inadzaza, anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, ena ochokera ku Celle ndi ku Bremen, mtolankhani ndi kamera yake. Amuna anayi ananyamula bokosi n'kuliika patebulo lapakati. Ndinalankhula mphindi makumi awiri za Kaputeni Quirin Zeimet. Ndinanena za kulimba mtima kwake, Hiltrud. Ndinanena kuti anali ndi kavalo wakuda wolusa, sindikudziwa kuti ndinazitenga kuti. Kenako ndinavala magolovesi, ndinaswa loko, ndinatukula chivindikiro.

Mutu wa kavalo unadzuka wokha. Khosi lake lili ndi sipuling'i, ndipo zaka zonsezi linali likungodikira ine. Unangoti vuu! n'kundimenya pachibwano, kenako n'kumagwedera uku ndi uku, maso akuluakulu opentedwa, nsidze zazitali, lilime lofiira lili panja. Holo yonse inangoti zii. M'kati mwa chete ameneyo, timabelu tinalira m'bokosimo.

Lamulo la bungwe ndinalemba ndine mu 1969: chomwe chafika patebulo chiyesedwe mpaka kumapeto, mokweza mawu. Ndikanathawira kuti? Ndinatulutsa jekete, ndinaliyala, ndinatenga galasi.

"Nsalu," ndinatero, "ndi ya katani. Zingwe za pachifuwa, za katani yemweyo. Mabatani ndi a thalauza, opakidwa utoto wagolide. Mamendulo anadulidwa ku zitini za nsomba, dzina la nsomba likuwerengekabe. M'khosi ndi m'mphepete muli timabelu khumi ndi tiwiri. Lupanga ndi la mtengo wa paini."

Sindinadumphe kanthu. Wina kumbuyo anayamba kutsokomola, kutsokomola kwake kwa munthu amene akumeza chinachake. Ndiye a Stahlhut anakweza dzanja mwaulemu ngati mwana wasukulu.

"Bambo Pütz, pepani, mwaiwala kavalo. Zaka zake tizidziwa bwanji? Ngati simudandaula, mano ndimuyang'ane ine."

Basi, holo inaphulika. Tcheyamani wathu, gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu yemwe sindinamuonepo mano ake, anatsetsereka pampando mpaka anthu awiri kumudzutsa. Wina ankamenya tebulo, wina anatuluka akukwawa. Mtolankhani anatijambula ine ndi kavalo titayang'anizana. Lero tili m'nyuzipepala, tsamba lachisanu, ndipo wooneka bwino pa awirife ndi iyeyo.

Ndinawadikira kuti atope. Kenako ndinapereka chigamulo monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinati, "Chovala ichi n'chenicheni. Chinasokedwa nkhondo yoyamba isanayambe, ndipo palibe anachikhudza. Koma mwini wake sanali kaputeni, ndipo chonamizira patebulo pano ndi nkhani yanga." Ndinavula magolovesi n'kuwaika patsogolo pa a Stahlhut. Anawatenga, Hiltrud. Ngakhale kukanakana kwaulemu kuja sanachite.

Kalata yako ndinakaiwerengera m'chimbudzi cha holo, nditadzitsekera. Unandiuza, ndikuvomera. Zoti unali wokonzeka kunamiziridwa kuti unachapa jekete, ndinawerenga kawiri, ndipo sindikudziwa choti ndinene. Koma amayi! Zaka makumi asanu! Uwafunse kuti ndinawalakwira chiyani. Ndasanduka chitsiru cha mzinda wonse, mpando wapita, kunja sindikutuluka, ndipo wanditchera zonsezi ndi mayi wondibereka.

Ottmar


Lommerscheid, 19 Malichi 1988

Ottmar mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndikulemba ndekha, ndiye mizere ikakhota usaiyese ndi galasi.

Hiltrud wandiwerengera kalata yako. Pa kavalo kukumenya chibwano ndinaseka, ndisakubisire, chifukwa kavalo ameneyo anamenyapo abambo mfumu awiri ndi mkulu wa positi, iwe si woyamba. Koma pomwe unavula magolovesi paja ndinamuuza kuti aime kaye.

Ukufunsa kuti unandilakwira chiyani. Palibe. Chinali chaka cha 1938, bambo ako atangofera ku mgodi wa miyala. Mphunzitsi wanu wa nsapato zazitali uja analamula kuti mwana aliyense abweretse chithunzi cha msilikali wa kwawo, ndipo wopanda chithunzi azikhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Masiku atatu unkabwera mphuno ikuchucha magazi, anzako akukuimba kuti wa kwa amantha. Tsiku lachinayi unakana kudzuka. Ine wamasiye, ndikanatani? Ndinatenga chithunzi cha bambo anga cha pa Karneval, ndinatenga sizasi, ndinadula m'chiuno pomwe kavalo amayambira. Ndinati, "Pita ukawauze kuti agogo ako anali kaputeni." Unabwera madzulo ake ukuimba mluzu, ndipo unadya mbale ziwiri.

Ndinkati ndi bodza la sabata imodzi. Kenako kunabwera nkhondo, ndinati ithe kaye. Nkhondo itatha ndinati ukule. Utakula unabwera ndi batani lako loyamba m'kathumba, maso akuwala, ndipo ndinachita mantha. Chaka chilichonse ndinkati akabwera ndimuuza. Kenako unasiya kubwera. Ndinalakwa, ndipo ndapepesa. Ndazilemba kamodzi, sindibwerezanso.

Koma za bambo anga usachite nazo manyazi. Asilikali ovala bwino a m'makabati akowo sindikuwadziwa. Bambo anga ndikuwadziwa. Chaka cha njala pa nkhondo yoyamba ija, mudzi wonse ukudya mizu yodyetsera ng'ombe, anavala kavalo ameneyo n'kuzungulira nyumba ndi nyumba, kavalo akukana kumvera, akuthawa nkhuku, mpaka akazi omwe amuna awo sanabwerere anatuluka pakhomo akuseka. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinkayenda pambuyo ndikutola timabelu takugwa.

Ndipo iwenso ndikufunse. Ati umazindikira ulusi wa nayiloni uli kutali. Nanga kabelu kali pakhosi pa agogo ako m'chithunzi chimenecho, zaka makumi asanu chili pakhoma, sunakaone bwanji? Sizasi yanga sinafike pamenepo.

Chidutswa cham'munsi sindinataye. Chili m'buku langa la mapemphero. Ukachifuna Hiltrud atumiza.

Uzivala sikafu, ndipo uzidya.

Mayi ako


Hannover, 23 Malichi 1988

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndalandira. Mizere yakhotadi, koma ndawerenga yonse.

Kabelu ndinakaona. Ndinakaona mu 1961, tsiku lomwe ndinagula galasi langa loyamba. Ndinafika kunyumba, ndinatsitsa chithunzi, ndinayang'ana, ndipo kanali pomwepo pansi pa chibwano, ndi kamphako kake komwe. Ndinadziuza kuti ndi banga la pepala. Kenako ndinatenga hamala n'kukhomera msomali m'mwamba pang'ono, pomwe maso safika bwino. Sindinachitsitsenso. Ndiye mlandu tigawane, amayi, musausenze nokha.

Mpando wapitadi. A Stahlhut anayesa katundu koyamba Lachinayi, ndipo ndamva kuti magolovesi akuwathina. Ine sindinapite. Za mphuno yochucha magazi ndinali nditaiwala. Mbale ziwiri zija ndikuzikumbukira, unali msuzi wa nandolo.

Tsopano vuto ndi ili. Kavalo akukana kubwerera m'bokosi. Ndamupinda khosi kanayi, kanayi konse wadzuka, ndipo ulendo wachitatu anaswa nyale. Ku siteshoni andiuza kuti sangamulandire ngati katundu chifukwa sakutsekeka, ati mwini wake aziyenda naye. Ndiye ndifika Loweruka pa sitima ya masana, ine ndi iyeyo. A Alois abwere ndi ngolo, ndipo ngati akufuna kuseka asekeretu ali kunyumba. Hiltrud mumuuze kuti ndili ndi mawu oti ndimuuze, ndipo sindikuwa.

Chidutswacho musatumize pa positi, ndipo Hiltrud asayerekeze kuchimata ndi selotepi. Cham'mwamba ndachitsitsa pakhoma, chili kale m'chikwama. Ndikufuna mudzandipatse nokha m'manja, ndiwaone agogo anga athunthu inu muli pomwepo.

Mwana wanu,
Ottmar